Chitseko cha Khola la Loboti

Thupi la Pulofesa Ottmar Kessing linali litachotsedwa kale pamene Volkmar Rehbein, wapolisi wofufuza milandu, anafika m'holo ya makina pa yunivesite. Pansi panatsala magazi, nsapato imodzi, ndi kachitsulo kamene a Pulofesawo ananyamula polowa m'khola. Loboti inali chiimire kuseri kwa mpanda wa waya, mkono wake wachikasu uli m'mwamba ngati sinalakwe kanthu.

"Amaphunzitsa," anatero Dörte Maas, wapolisi mnzake amene anayamba kufika. "Ophunzira ali kunja kwa mpanda, iwo alowa kuti awaonetse pamene loboti imatolera zitsulo. Mkono unangotembenuka n'kuwapanikizira kukhoma. Onse aona. Ena akusanzabe mpaka pano."

"Chitseko chinali chotsegula?"

"Chinali yasa."

"Eni ake akuti bwanji?"

"Akuti sizingatheke. Aliyense amene ndamufunsa akuti sizingatheke. Koma munthu ali ku mochale."

Pafupi ndi khola panaima mayi wamtali wa imvi, wovala ovolosi yabuluu, manja ali m'matumba. Anali Mayi Hedda Tiedemann, mkulu wa amisiri a m'holomo. Sanadikire kufunsidwa.

"Bwerani muone nokha, bambo. Pachitseko pali kalilime kachitsulo aka. Mukatseka, kamalowa m'kamwa mwa swichi iyi, loboti imapeza moto. Mukatsegula, kamasololoka, moto umazima. Basi. Mwana wa pulayimale akhoza kumva."

Anayatsa makina, mkono unayamba kuyenda pang'onopang'ono, kenako anakoka chitseko. Loboti inaima pomwepo. Anabwereza, inaimanso.

"Ndiye m'mawa uno swichiyi inali mtulo?" anafunsa Rehbein.

"Ine ndimakonza makina. Zolosera sindidziwa."

Rehbein anagwada movutikira, poti mawondo ake sankagwirizana ndi simenti yozizira. Anakhudza swichi ija ndi chala. Inali yomata, ngati pamene pamatulidwa tepi. Pansi, pakati pa tizidutswa ta chitsulo tonyezimira, panali timaulusi takuda, tofewa ngati ubweya wa bulangete. Anatola pang'ono n'kuika m'kathumba.

"Mumadula chiyani muno, mayi?"

"Aluminiyamu. Nthawi zina pulasitiki."

"Nanga nsalu?"

Mayi Tiedemann anayang'ana loboti, kenako nsapato zawo.

"Muno si mwa telala," anatero, n'kuchoka.

Dörte anamukokera Rehbein pambali. Anamuuza kuti palibe amene watuluka m'nyumbamo chichitikire ngozi, ndipo matumba a aliyense asechedwa, osapeza kanthu. Koma panali china.

"Loya wa boma waimba kale. Akufuna munthu dzuwa lisanalowe, ndipo dzina amupatsa kale. Ilka Brodersen, wophunzira wa a Pulofesa amene akuchita digiri ya udokotala pa zamakina. Akuti ukapanda kupeza china, madzulo ano timutenge."

"Wamupatsa dzinalo ndani?"

"Kwera masitepe, ukamuone. Ali ndi khofi wabwino."

* * *

Dokotala Gero Lindhorst anali wachiwiri kwa a Pulofesa, munthu wa zaka za m'ma makumi anayi, wometa bwino, woyankhula ngati nthawi zonse pali kalasi patsogolo pake. Anathira khofi ndi dzanja lamanzere. Chala chachikulu cha kumanja chinali ndi pulasitala watsopano.

"Khalani pansi, a Rehbein. Pepani, mutu wanga sukugwira. Bambo aja anandilera ine pantchito ino."

"Munali kuti pamene zimachitika?"

"M'kalasi yoyandikana ndi holo. Ndimaphunzitsa za malamba onyamula katundu m'fakitale, ophunzira anga akhoza kukuuzani. Nditamva kukuwa ndinathamanga. Ndinadina batani lofiira, ndinatulutsa ana onse, ndinatuma Mayi Tiedemann kukadikira ambulansi pageti."

"Munatsala nokha ndi a Pulofesa."

"Kanthawi kochepa. Ndinawagwira dzanja. Kenako ndinatsikira pansi kukasamba kumaso. Sindinafune kuti ana andione choncho."

"Chala mwatani?"

"Ichi? Ketulo. Manja amanjenjemera tsiku ngati lino."

Rehbein anamwa khofi. Analidi wabwino.

"Mwauza loya wa boma za Ilka Brodersen."

"Anandifunsa, ndinayankha. Musandimve molakwa, Ilka ndi ngati mlongo wanga. Koma choonadi ndi choonadi. Pulogalamu imene ili mu loboti ija ndi yake. Kamera ikaona chitsulo, mkono umapita wokha kukachitola, osadikira munthu. A Pulofesa analowa chitsulo chili m'manja." Anatambasula manja. "Mwezi watha Ilka anapempha kuti asinthe mawaya a chitseko, kuti pa tsiku la mayeso ake aime pafupi ndi loboti ikugwira ntchito. A Pulofesa anakana. Anakangana mpaka khonde lonse linamva."

"Ndiye mukuti anasintha mobisa."

"Ine sindikuti kanthu. Ndikungoti ngati pali munthu wodziwa kunamiza chitseko chija n'kubwezeretsa zonse osasiya chizindikiro, ndi Ilka. Ndi wanzeru kuposa tonsefe. Vuto lake samva kuti ayi."

Potuluka, Rehbein anaima pakhomo.

"Sabata ino wagwiritsa ntchito loboti ija ndani?"

"Ilka yekha," anayankha Lindhorst msanga. "Tonse tinamusiyira."

* * *

Ilka Brodersen anamusunga m'kalasi yopanda anthu. Anali atakhala pa benchi yakutsogolo, jekete la mvula asanavule, tsitsi atalimanga ndi kalabala. Sankalira. Ankangokanda m'mphepete mwa tebulo ndi chikhadabo.

"Mwabwera kudzanditenga?"

"Ndabwera kudzafunsa. Munakangana ndi a Pulofesa?"

"Tinkakangana sabata iliyonse. Ndi mmene ankaphunzitsira. Ukawagonjera msanga ankakuona ngati waulesi."

"Za chitseko?"

"Anati, 'Brodersen, ukakhudza waya umodzi wa chitseko chija, udokotala wako ukautengera ku msika wa nsomba.' Ndinawanena kuti ndi nkhalamba yamantha. Mawa lake anandibweretsera keke ya maapozi. Sindinakhudze. Pulogalamu yanga imauza mkono kopita, koma ilibe mphamvu pa chitseko. Moto ukazima, wazima."

"A Lindhorst akuti sabata ino loboti inali yanu yokha."

Ilka anaseka kuseka kouma.

"Yanga? M'mawa mokha. Masana akangokwana, amandipitikitsa. Lolemba Mayi Tiedemann anati akupaka mafuta pansi, ndisaponde. Lachiwiri Gero anandituma kutauni kukatenga mabawuti amene tili nawo bokosi lathunthu. Dzulo anandiuza kuti nkhope yanga ikuoneka ngati ya mtembo, ndipite ndikagone. Ndikalowa m'chipinda cha khofi, onse zii. Anthu amene ndadya nawo zaka zonsezi." Anapukusa mutu. "Ndinaganiza kuti a Pulofesa awauza kuti ndilephera."

"Dzulo munapitadi kukagona?"

"Ndinapita kunyumba. Ndimakhala ndekha, ngati ndi chimene mukufunsa. Palibe wondichitira umboni kupatula mphaka."

Rehbein anatulutsa kathumba kaja m'thumba la malaya n'kukayang'ana powala. Timaulusi takuda, tokhuthala, tosalukidwa.

"Mayeso anu omaliza ali liti?"

"Mawa. Anali mawa."

Rehbein anayang'ananso timaulusi tija. Anabadwira m'tauni yomweyo, ndipo kangapo pa chaka galimoto yake inkaima pamsewu kudikira kuti ophunzira adutse ndi ngolo yawo, akukoka mnzawo amene wangopambana udokotala. Pamutu pa wopambanayo pamakhala chipewa chakuda cha ngodya zinayi, chimene anzake amachipanga okha mobisa, n'kumatapo tizinthu tomuseka pa zonse zimene anachita zaka zakezo. Mwini wake sachiona mpaka atatuluka m'mayeso. Amachita kumunamiza, kumutuma uku ndi uku, kuti asatulukire.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Ilka.

"Sanakudeni anzanuwo," anatero Rehbein akuimirira. "Musachoke muno."

* * *

Mayi Tiedemann anawapeza m'kachipinda kawo ka zipangizo, akupukuta sipanala imene inali yoyera kale.

"Chipewa chili kuti, mayi?"

Dzanja lawo linaima.

"Chipewa chanji?"

"Mtsikana uja agona m'chitokosi lero. Ndikufunsanso. Chili kuti?"

Anaika sipanala patebulo pang'onopang'ono.

"Pansi, m'chipinda chosungira ngolo. Tachifunditsa nsalu. Koma chipewa sichipha munthu, bambo."

"Nsalu yake munadulira mu khola lija."

"Lumo limadula mokhota. Anyamata a masiku ano akakhala ndi loboti sagwira lumo."

"Nsalu siikhala phee ngati chitsulo. Pamafunika munthu woigwira, ali m'kati, loboti ikuyenda. Ndalakwa?"

Mayi Tiedemann anagwiranso sipanala ija.

"Ndiye chitseko chimayenera kukhala chotsegula, koma swichi izikhulupirira kuti n'chotseka. Muli ndi kalilime kena kapadera?"

Mayi Tiedemann anatembenuza mutu kuyang'ana khoma. Pakati pa makiyi olendewera panali msomali umodzi wopanda kanthu.

"Kamakhala apo. N'koyesera swichi ikawonongeka. Ukakalowetsa n'kukamata ndi tepi, makina amaona ngati chitseko chatsekedwa."

"Anakatenga ndani?"

"Tinali ambiri dzulo madzulo. Wina guluu, wina penti, wina mowa."

"Amene anali m'khola ndani?"

"Ndati tinali ambiri." Anakweza chibwano. "Anthu anu asecha matumba athu onse, asecha holo yonse, mpaka m'mabini. Kakanakhala m'swichi m'mawa uno, bwenzi mutakapeza. Kulibe. Ndiye mwina kanachotsedwa dzulo lomwelo, mwina ndi pulogalamu ija basi. Ine ndikudziwa bwanji?"

Rehbein anaona kuti mayiwo ankadzifunsa okha funso limenelo kuyambira m'mawa.

"Pansi paja anasechapo?"

"Anasuzumira. Anaona ngolo, anaseka, anatuluka."

Rehbein anasuzumira pakhomo n'kuitana Dörte.

"Katenge Brodersen ndi Lindhorst. Titsikire pansi tonse."

"Ayi!" Mayi Tiedemann anagwira mkono wake. "Ilka asachione mayeso asanafike. N'tsoka limenelo."

"Tsoka lafika kale, mayi," anatero Dörte. "Lalowera pakhomo lakutsogolo."

* * *

Chipinda cha pansi chinkanunkha penti ndi mowa wotayika. Ngolo inali pakati, mpando wakale wa mu ofesi utamangiriridwa pamwamba pake. Pa tebulo la pambali panali chinthu chofunditsidwa nsalu yoyera, ndipo pafupi nacho kamfuti kosungunulira guluu, chingwe chake chikadali pa soketi. Rehbein anakakhudza ndi kuseri kwa dzanja, n'kubweza msanga. Kanali kotentha.

Lindhorst analowa akumwetulira mwaulemu.

"A Rehbein, izi n'zamasewera chabe. Mwambo wa ana asukulu. Mukumuwonongera Ilka tsiku lake."

"Tsiku lake linawonongeka kale. Mayi Tiedemann, mwambo umati chiyani akavala chipewa?"

"Amafotokoza. Kanthu kalikonse kamene tamatapo, anene tanthauzo lake, anthu aseke."

"Chabwino. A Brodersen, fotokozani."

Anachotsa nsalu ija. Chipewa chinali chachikulu, chakuda bii, m'mphepete mwake modulidwa mosalala ngati ndi galasi. Pamwamba panadzaza tizinthu, ndipo pangodya imodzi panalendewera mphonje zagolide. Ilka anaika dzanja pakamwa. Anayang'ana Mayi Tiedemann, kenako Lindhorst.

"Ndi chimenechi munkandithamangitsira?"

"Fotokozani," anabwereza Rehbein motsitsa mawu.

Ilka anasendera pafupi. Analoza kanjinga kawaya kopindika gudumu.

"Chisanu changa choyamba kuno. Ndinaterereka pa mlatho, ndinagwera m'ngalande ndi njinga yomwe." Analoza kena. "Fyuzi yopserera. Tsiku lija ndinazimitsa magetsi a nyumba yonse, a Pulofesa ali mu lifiti ndi alendo. Aka ndi kansomba ka pulasitiki, chifukwa cha msika wa nsomba uja. Mphaka wanga uyu, mwamupatsa maso atatu. Aka…" Panali kachidole ka nkhalamba ya magalasi, cholembera chofiira chili m'manja. Ilka anakadumpha.

Anazungulira tebulo, chala chikuyenda pang'onopang'ono. Atafika pa mphonje anaima. Anazikankhira pambali. Kunsi kwa chipewa, kuseri kwa mphonjezo, kunali kachitsulo kathyathyathya, kotalika ngati chala, komatidwa ndi guluu wochuluka mosalongosoka. Kumapeto kwake kunalendewera kachidutswa ka tepi.

"Aka si kanga," anatero Ilka.

"N'chiyani?"

"Kalilime ka chitseko."

Kenako Lindhorst anaseka.

"Ilka, iwenso! Ndi nthabwala imeneyo. Mkangano wako ndi a Pulofesa uja, za chitseko. Tinakamata dala. Hedda, auzeni."

Mayi Tiedemann sanamuyang'ane. Maso awo anali pa kachitsulo kaja.

"Nthabwala imamatidwa pamwamba, Gero, pamene anthu angaione."

"Pamwamba panadzaza."

"Mphonjezo ndinamata ndine, ndipo chinali chinthu chomaliza. Pamenepo panalibe kanthu. Ndinazula kamfuti pa soketi ndi dzanja langali, ndinafunditsa chipewa, ndinazimitsa getsi."

"Mwaiwala, mayi. Munali mutatopa."

"Sindinaiwale." Mawu awo anatsika. "Unali m'khola ndiwe, utagwira nsalu ndi manja awiri, loboti ikudula. Kalilime ndinakupatsa ndine, ndi manja anga. Ndikuvala jekete ndinakufunsa kuti, 'Gero, wachotsa kaja?' Unati, 'Ndichotsa pompano, Hedda, pitani basi ingakusiyeni.' M'mawa wonse ndakhala ndikudziuza kuti unachotsa."

Rehbein anatembenukira kwa Lindhorst.

"Mutatulutsa ana n'kutuma mayiwa kugeti, munatsala nokha pafupi ndi swichi. Kenako munatsikira kuno kudzasamba kumaso. Mpopi ndikuuona uko, ndi wouma. Kamfuti n'kotentha. Tachotsani pulasitalayo, a dokotala athu akatiuze ngati ketulo imasiya guluu pachilonda."

Lindhorst anayang'ana chala chake kwa nthawi. Kenako anakhala pansi pa gudumu la ngolo. Mawu a m'kalasi aja anali atatha.

"Ndimafuna chikhale chokongola, Ilka. Cha ine chija anadula ndi lumo, chinali ngati chodyedwa ndi makoswe. Ndinati chako chikhale chowongoka." Anapukuta kumaso. "Titamaliza wina anatsegula mabotolo. Ndinangokankha chitseko n'kutuluka. Sichinatsekeke bwino, koma magetsi anali obiriwira, sindinaganizenso. M'mawa nditafika pa khola, ndinaona katepi kakulendewera pa swichi. Bambo aja ali pansi, akundiyang'ana. Ndinaiwala, Ilka. Kuiwala chabe."

Ilka anaimirira manja ali m'matumba a jekete lake la mvula. Anayankhula mosakweza mawu.

"Kuiwala ndamva. Aliyense wa ife akanatha kuiwala. Koma loya wa boma atakufunsa, dzina langa sunaliiwale."



Dörte anagwira Lindhorst paphewa n'kumuuza kuti aimirire. Anauzanso Mayi Tiedemann kuti atenge jekete lawo, poti nawonso anali ndi zoti akafotokoze ku polisi. Mayiwo anangogwedeza mutu. Podutsa pafupi ndi Ilka anaima ngati akufuna kunena kanthu, koma Ilka anali kuyang'ana khoma, ndipo iwo anapitirira.

Rehbein anakwera masitepe angapo kuti foni igwire, n'kuimbira loya wa boma. Anayankhula mwachidule. Loyayo anafunsa kawiri ngati wamva bwino kuti umboni uli pa chipewa. Atabwerera pansi anapeza Ilka ali pomwe anamusiya.

"Chipewachi tichitenga," anatero. "Mlandu ukatha mudzachilandira."

"Musadzandibwezere."

"Monga mwafunira. Ndinu mfulu, a Brodersen. Mukhoza kupita kunyumba."

Ilka anakwera masitepe awiri, n'kutembenuka.

"Akazi a Pulofesa, Mayi Kessing, awauza kuti ndine, eti?"

Rehbein sanafune kumunamiza. "Ndikuganiza kuti awauza."

"Mukupita komweko?"

"Ndiyenera kukawafotokozera."

"Ndikwere nawo. Mukayankhule ndinu poyamba. Ine ndidikira m'galimoto mpaka atanena kuti ndilowe."

Rehbein anafufuza makiyi m'thumba, ndipo anatsogola.